Neba wa bambo anga

Pakhomo pathu panali mawailesi awiri, ndipo tsiku la mpira onse awiri ankalankhula chinthu chimodzimodzi. Ya bambo inkakhala pakhonde, itatsamira khoma kuti kachitseko ka mabatire kasagwe. Ya amalume inkakhala patsinde pa mango, pamwamba pa ndowa yovundikira, mlongoti wake atauwonjezera ndi sipoko ya njinga. Kuchoka pakhonde kufika pamangopo, mwana wokwawa ankafika asanatope. Mayi ankadandaula Loweruka lililonse: "Inu anthu awiri, woulutsa ndi mmodzi yemweyo, mpira ndi womwewo. Bwanji osamvera pamodzi, mabatire enawo tisungire mauthenga achisoni?" Palibe ankawayankha. Bambo anali a Noma, timu ya Wanderers. Amalume anali a Maule, timu ya Bullets. Kumvera wailesi imodzi kukanakhala ngati kudyera mbale imodzi ndi apongozi.

Tinkakhala kuseri kwa Chinamwali, mukapatuka msewu wa ku Liwonde n'kutsetserekera kummawa, pamalo a makolo a mayi. Bambo kwawo n'ku Bangwe. Anabwera ku Zomba ali mnyamata kudzagwira ntchito ku Government Print, ndipo atakwatira anamanga nyumba pamalo omwe anawalozera amalume. Ndiye kuti anali mkamwini, ngakhale ankavala tayi n'kumalandira malipiro pakutha pa mwezi, pomwe amalume ankapalasa njinga mpaka ku Kachulu kukapikula matemba odzagulitsa mumsika wa Zomba. Pa nkhani ya mbumba tayi alibe mawu. Malire a munda, mlandu wa mbuzi yomwe yadya chimanga cha eni, mwana wamkazi akafunsiridwa, zonsezi mawu otsiriza anali a amalume. Bambo ankangopinda manja n'kunena kuti, "Ndamva, alamu." Ndinakula ndikuyesa kuti bambo anga ndi munthu wopanda mawu. Akuluakulu amati kwa eni kulibe mkuwe, ndipo bambo mwambi umenewu ankausunga ngati lamulo la kuntchito.

Kupatula tsiku limene Wanderers yamwetsa Bullets.

Ngakhale tsiku limenelo sankakuwa ayi. Woulutsa akang'amba kukhosi kuti chalowa, bambo ankayamba akweza wailesi pang'ono, kenako n'kutsokomola kawiri, kutsokomola kwa munthu amene alibe chifuwa. Akatero ankaponya mawu kumango, mwaulemu wonse: "Alamu, wailesi yanu ikugwira bwino kumeneko? Kuno ndamva ngati pachitika kanthu." Amalume ankakhala ngati atanganidwa ndi mlongoti. "Mpira ndi mphindi 90, neba." Ikakhala kuti yachinya ndi Bullets, zinthu zinkakhala zina. Amalume ankadzuka, kuvina mozungulira mtengo, nkhuku balalabalala, n'kutuma mwana aliyense amene ali pafupi kuti akawatungire madzi alamu awo, mwina kukhosi kwauma. Ine ndatumidwapo kangapo, kapu ya pulasitiki m'manja. Bambo ankalandira madziwo, kumwa onse, n'kubweza kapu osandiyang'ana kumaso.

Mpira ukatha m'pamene mlandu weniweni unkayamba, ndipo unkadya masiku. Mbiri ya matimu awiriwa ndinaiphunzira motero, ngati mwana amene akumva za malire a munda kuchokera kwa anthu awiri okangana. Bambo ankayambira pa 1962, chaka chimene Wanderers inabadwa, n'kutsindika kuti Bullets inapangidwa mu 1967 ndi osewera amene anagalukira ku Wanderers komweko. "Ndi mwana wathu ameneyu, wolowerera. Anachoka pakhomo atakwiya, mpaka lero sanabwere kudzapepesa." Amalume sankatsutsa. Ankangoti mwana akakula amamanga yake, ndipo si mlandu wa mwanayo ngati nyumba yake yaposa ya bambo ake. Maina a makampani ankasinthasintha pamalaya a osewera, koma amuna awiriwa anaima pamene unaimira unyamata wawo. Kwa bambo timuyo ndi Limbe Leaf mpaka lero, ngakhale inadzakhala MTL, kenako Be Forward, kenako Mukuru. Amalume anamwalira akunenabe kuti Bata, ngati kuti Total ndi Bakili sanadutsepo.

Akafuna kutchula Kinnah Phiri, amalume ankayamba avula chipewa. Zigoli 71 za timu ya dziko, ankatero, mundipezere wa Noma amene anafikako ngakhale theka. Bambo ankabweza ndi Jack Chamangwana, yemwe ankamutcha Africa, wotchinga kumbuyo amene anakafika mpaka ku Kaizer Chiefs. Amalume n'kutulutsa Lawrence Waya. Akafika pa Yasin Osman, amene anavalapo malaya a mbali zonse ziwiri, ankamukanganirana ngati mwana wa banja lomwe latha. Malo okhawo amene ankagwirizana anali zaka za 1978 ndi 1979, pomwe Malawi inatenga chikho cha East and Central Africa kawiri motsatizana, koma ngakhale pamenepo aliyense ankawerenga kuti a kwawo analimo angati.

Osewera amenewa ine sindinawaone akusewera. Nawonso eni mkanganowo masewero ambiri anangowamva pa MBC. Koma mukanawaona amalume akusonyeza momwe Waya ankadodera, mapazi akusesa fumbi la pabwalo, chitsononkho ali mpira, mukanalumbira kuti anali pamzere penipeni.

Ine anandigula ndi ulendo. Mu 2004 Bullets, ili ndi dzina la Bakili, inatulutsa Orlando Pirates ya ku South Africa n'kulowa m'magulu a CAF Champions League, komwe inakakumana ndi zimphona ngati Enyimba ya ku Nigeria. Chaka chimenecho amalume ankayenda ngati msika wonse wa Zomba ndi wawo. Cha m'nyengo yomweyo anabwera pakhonde madzulo ena n'kuuza mayi, osati bambo, kuti, "Chemwali, mwanayu mawa ndimutenga. Akaone Blantyre." Bambo anali pomwepo, akuwerenga nyuzi. Sanatukule mutu.

Tinadzuka tambala woyamba. Minibasi tinakwerera kudepoti, ndipo inachedwa kudzaza mwakuti dzuwa linatipeza tisanadutse Thondwe. Namadzi, Njuli, kenako Limbe. Kuchokera ku Limbe tinayenda wapansi mumsewu wa Chipembere mpaka ku Chichiri, poti ndalama ya minibasi yachiwiri amalume anali ataisungira chinthu china. Tikuyandikira Kamuzu Stadium, msewu unayamba kugawika wokha popanda wapolisi wouza anthu: ofiira mbali iyi, abuluu mbali iyo. Panja pa bwalo panali msika wathunthu, mizimbe, mazira owiritsa, zitumbuwa, anyamata a chiwaya, ndi amayi ogulitsa zipewa zoluka. Amalume anaima, kusankha chofiira ndi choyera, n'kundiveka osandifunsa. Chinali chachikulu, chinkandigwera m'maso.

Chimene ndimakumbukira kwambiri si mpirawo. Ndi phokoso. Pawailesi phokoso la anthu limamveka ngati mvula ya padenga la kwa eni. M'bwalo limakulowa m'mimba. Tinakhala kusitandi yopanda denga, simenti ikuotcha, pafupi ndi bambo wina amene anadzipaka utoto wofiira thupi lonse, ng'oma ili pakati pa miyendo, ndipo mphindi zonse 90 sanayang'ane kubwalo n'kamodzi komwe, nkhope inali kwa ife, akutsogolera nyimbo. Wina akakuwa "Maule!" sitandi yonse inkayankha ngati munthu mmodzi, tsidya linalo n'kubweza ndi "Nyerere!" Masewero asanayambe ndinaona osewera a timu ina akukana kudzera pakhomo lolowera m'bwalo, n'kumalumpha mpanda mmodzimmodzi, anthu akuluakulu ndevu pepeya. Nditafunsa, amalume anandinong'oneza kuti pakhomopo mwina pakwiriridwa zinthu, ndipo nditseke pakamwa.

Tinapambana tsiku limenelo. Koma potuluka zinthu zinasokonekera. Ndinangoona anthu akuthamanga, miyala ikuuluka kuchokera kumene sindinkakuona, mayi wa mazira uja akutola beseni lake mazira ali mbwee pansi. Amalume, munthu amene ankavina mozungulira mango pa chigoli chimodzi, anandivula chipewa chija mwachangu n'kuchiponya m'kachikwama kawo ka kumsika. "Kuyambira pano mpaka ku Limbe ulibe timu. Wamva?" Ndinamva. Chipewacho chinanunkha matemba mpaka chinatha. Kuyambira tsiku limenelo ndimadziwa kuti chipongwe cha pakhomo pathu ndi chipongwe cha pamsewu si chimodzi. Pakhomo wogonja amapatsidwa madzi. Pamsewu pali anthu amene mpira saukonda n'komwe, amangofuna chifukwa chogendera munthu, ndipo matimu onse awiri ali nawo anthu oterewa, asakunamizeni wina.

Tinafika kunyumba usiku. Bambo anali pakhonde, wailesi yozimitsa. Ndinali nditavalanso chipewa chija titangotsika minibasi. Anachiyang'ana, anandiyang'ana, n'kufunsa ngati ndadya. Basi. Koma nyumba yathu inalibe siling'i, ndipo usiku umenewo ndinawamva akuuza mayi motsitsa mawu: "Kuti ana ndi a eni ake ndinkadziwa. Koma ndinkayesa timu yokha andisiyira."

Wina afunsa kuti kodi a ku Zomba mulibe timu yanu, mukuchita kulimbirana za ku Blantyre? Tili nayo. Red Lions, mikango ya ku Cobbe Barracks, timu ya asilikali imene yakhala ikukwera ndi kutsika mu ligi yaikulu. Ndili mwana tinkapita kukaionera pabwalo la Community, ena kulipira pakhomo, ife kudikira chigawo chachiwiri kuti alonda atope. Ankasewera mpira wamphamvu, wa anthu amene m'mawa uliwonse amathamanga, ndipo matimu akuluakulu sankabwera ku Zomba akuseka. Koma Bullets kapena Wanderers ikabwera, eni bwalo ndi amene ankaoneka alendo. Tauni yonse inkavala zofiira kapena zabuluu, ndipo amene ankachemerera Red Lions ndi mtima wonse anali mabanja a kubalakisi ndi anthu ochepa okhulupirika, ena onse anali aganyu. Bambo anali mkulu wa aganyu. Bullets ikabwera, munthu wa tayi uja ankasanduka msilikali, akuwombera m'manja chilichonse chimene Red Lions yachita, ngakhale kuponya mpira kunja. Sabata imene yabwera Wanderers, ganyuyo inkagwera amalume. Chinthu chimodzi chokha chinkatisiyanitsa ndi masapota a ku Chichiri: pano wosewera wa eni bwalo akakuchitira chipongwe, unkatukwana chamumtima. Palibe anatiopsezapo, mantha tinkabwera nawo tokha kuchokera kunyumba.

Ndaganizapo nthawi zambiri chifukwa chake Zomba sinaikonde timu yake momwe Ndirande imakondera Bullets. Ine ndimati Zomba ndi tauni ya anthu odutsa. Ophunzira a ku Chanco amakhala zaka zinayi n'kumapita. Asilikali amasamutsidwa. Apolisi amabwera kudzaphunzira ntchito, akamaliza amamwazikana dziko lonse. Ngakhale boma lenilenilo linasamuka mu 1975 kupita ku Lilongwe, n'kutisiyira nyumba zakale ndi phiri. Aliyense amafika kuno ali ndi timu yake kale m'chikwama, ngati momwe anafikira bambo anga kuchokera ku Bangwe. Kuwonjezera apo bwalo lathu linakhala likumangidwa zaka zambirimbiri, timu ikukasewerera masewero a pakhomo kunja kwa Zomba, ndipo pali ana amene anakula osaionapo ndi maso. Mwina ndikungodzikhululukira. Mwina zoona zake n'zakuti timakonda wopambana, basi.

Komabe pali tsiku limodzi limene Zomba inayenda chotukumuka. Lolemba, pa 11 January 2010, Flames, timu ya dziko lathu, inakumana ndi Algeria ku Luanda, pamasewero ake oyamba a Africa Cup of Nations kuchokera mu 1984. Algeria imeneyo inali itangotulutsa Egypt n'kupeza malo ku World Cup. Palibe ankatiwerengera. Tsikulo amalume anabwera pakhonde ndi mpando wawo m'manja n'kunena kuti mabatire awo atha. Mpaka lero ndimakayika ngati anathadi. Bambo anangosuntha pang'ono. Russel Mwafulirwa atachinya choyamba, onse awiri anaimirira n'kukhalanso pansi mwamanyazi. Elvis Kafoteka atamwetsa chachiwiri ndi mutu, mpando wa amalume unagwa chagada. Chachitatu chinachinyidwa ndi Davi Banda, wosewera wa Red Lions, ndipo pamenepo ndinamva kwa nthawi yoyamba mawu a bambo anga akufika kumsewu. Anakuwa. Mkamwini anakuwa pakhomo pa eni, atagwirana manja ndi mwini mbumba, mayi ataima pakhomo la khitchini ndi mthiko m'manja akuwaseka. Usiku umenewo kuyambira Chinamwali mpaka Mpondabwino aliyense anali mbale wake wa Davi Banda, aliyense anali atamuonapo akugula tomato.

Mtendere unatha mmawa mwake. Amalume anayamba ndi kukumbutsa anthu kuti mphunzitsi wa timu imeneyo ndi Kinnah ndipo kaputeni ndi Peter Mponda, onse ana a Maule. Bambo anati popanda Joseph Kamwendo pakati paja mpira sukanayenda. Mpando unabwerera kumango.

Mbadwo wathu unawonjezerapo matenda ena pamwamba pa akalewa: mpira wa ku England. Unabwera kudzera m'mavidiyo sho, tinyumba ta mdima ta mabenchi osapala, chinsalu chakuda pakhomo, panja bolodi lolembedwa ndi choko masewero a tsikulo ndi nthawi yake. Mkati munkatentha ngati uvuni wa njerwa. Magetsi akazima, zomwe zinkachitika pamene mpira wafika pokoma, holo yonse inkabuula pamodzi, mwini wake n'kuthamangira kuseri kukakoka chingwe cha jenereta, ife tikuwerenga mokweza kuti wakoka kangati. Chithunzi chikabwerera, maso onse ankathamangira pakona ya sikirini kukaona ngati manambala asintha tili mumdima.

Ine ndinagwera ku Arsenal, ndipo sindinachite kuganiza. Inali yofiira ndi yoyera ngati Bullets, inali itamaliza ligi ya 2003/2004 osagonja m'masewero onse 38, inali ndi Thierry Henry, ndipo munali Kanu, Kolo Toure ndi Lauren, anthu akuda anzathu a ku Africa konkuno. Sindinkadziwa kuti ndikusainira zaka za misozi. Mu August 2011 Manchester United inatithira 8-2 ku Old Trafford. Ndinatuluka muvidiyo sho chigoli chachisanu ndi chimodzi chitalowa, zinazo ndinamvera panjira, poti nyumba iliyonse ya TV inkandiuza ndi mfuwu. Ndinadzera njira za kuseri ngati wangongole. Kunyumba nsima ndinangoitsina. Bambo anandiyang'ana nthawi yaitali. "Kodi a Arsenal akowo akudziwa kuti ku Chinamwali kuli munthu amene wakana nsima chifukwa cha iwo?" Ndinali nditakula, ndinayankha. Ndinati nanga inu a Noma akukudziwani? Sanakwiye. "Ine ndikafuna mawa lomweli nditha kukwera minibasi, kukaima pa Lali Lubani, kulikulu la Noma, n'kuwauza pamaso kuti asewera zopusa. Iwe ukwera chiyani?"

Ndilibe yankho mpaka lero, ngakhale Arsenal sindinaisiye. Mkangano wa United ndi Arsenal, wa Liverpool ndi Chelsea, timaukangana ndi mtima wonse m'mabala ndi pa WhatsApp, koma ndi chovala chobwereka, chimavulika. Pamene Didier Drogba ankamwetsa Bayern Munich mu 2012, theka la anthu amene ankalumpha muholo muja sanali a Chelsea, anali a Drogba, ndipo mmawa mwake anabwerera kwawo osachita manyazi. Yesani kuchita zimenezo ndi Noma ndi Maule muone ngati kumaliro kwanu sadzakunenani.

Chimene chimandidandaulitsa masiku ano si England koma kubetcha. Lowani muholo Loweruka madzulo muone anyamata. Maso sali pasikirini yaikulu, ali pafoni. Munthu wavala malaya a Liverpool koma akupempherera kuti Liverpool imwetsedwe chimodzi, poti pakapepala kake analemba kuti onse achinya. Wina akutukwana timu ya ku Turkey imene sangathe kuloza tauni yake pamapu, akuti yamudyera ndalama ya lendi. Amalume Bullets ikagonja ankataya tulo, koma ndalama ya matemba inkafika kunyumba yonse. Ndipo wobetcha alibe neba. Akaluza palibe womutumizira madzi, aliyense ali ndi kapepala kakekake.

Amalume anatisiya kumayambiriro kwa 2016, mvula ili pakati. Anadwala masabata ochepa chabe. Bullets inali itatenga ligi mu 2014 ndi 2015, ndipo m'chipatala, mawu atachepa kale, ankawafunsabe bambo ngati kwawoko chikho amachikumbuka maonekedwe ake. Bambo ndi amene ankagona pansi pafupi ndi bedi lawo, kuwatembenuza, kuwamwetsa phala. Pamaliro anagwira ntchito ya mkamwini monga mwa mwambo, kunyamula mabenchi kutchalitchi, kuwaza nkhuni, kuthamangira uku ndi uku osakhala pansi. Usiku pamoto wa amuna, wina wa kumsika anawaponyera mawu: "Neba wanu uja wapita, mutsala ndi yani?" Bambo anasonkhezera chikuni. "Wathawa chikho chili m'manja. Anali wochenjera munthu ameneyu." Anthu anaseka, iwo ayi.

Chaka chimenecho ligi inapita ku Kamuzu Barracks, ngati kuti onse awiri, ofiira ndi abuluu, anali pa chisoni. Kenako mu 2017 Wanderers inatenga ligi, koyamba kuchokera mu 2006, mphunzitsi ali Yasin Osman yemwe uja ankamukanganirana. Zaka 11 bambo akumwa madzi a amalume. Ine nthawi imeneyo ndinali nditakwatira, ndikukhala ku Matawale, ndiye zimene zinachitika pakhonde anandiuza ndi mayi. Akuti oyimbira ataimba wezulo yomaliza, bambo anakweza wailesi pang'ono monga mwa nthawi zonse. Anatsokomola kawiri. Anatembenukira kumango, pakamwa atatsegula kale. Pansi pa mtengopo panali mbuzi yomangirira ndi ndowa ija, tsopano yobooka. Akuti anakhala choncho kanthawi, kenako anazimitsa wailesi n'kulowa m'nyumba, kunja anyamata a Noma akudutsa mumsewu ndi malikhweru.

Foni yanga inalira cha m'ma 7 koloko madzulo. Bambo si munthu woimba foni, amangofulasha kuti uwaimbire. Tsikuli anaimba okha, ndi mayunitsi awo. Ndinayankha mtima uli m'mwamba, ndikuyesa kwagwa zovuta. Kunali zii pang'ono, kenako kutsokomola kawiri. "Neba, wailesi yako ikugwira bwino kumeneko?"

Anali asananditchulepo choncho. Ndinaima panja pa nyumba ya lendi ija, akazi anga akundiyang'ana pazenera, ndipo ndinayankha zomwe ndinkadziwa kuti akudikira. Ndinati ligi ndi chaka chilichonse, bambo, tionana chaka chamawa. Anaseka mpaka mayunitsi anatha.

Sanadziwe chimene anadziitanira. Kuyambira 2018 mpaka 2023 Bullets inatenga ligi kasanu motsatizana, ndipo mu 2023, ili ndi Kalisto Pasuwa wa ku Zimbabwe, inasesa zikho zinayi chaka chimodzi. Ndagwira ntchito ya amalume mokhulupirika. Sindivina mozungulira mango, msana sulola, koma Lamlungu tikapita ku Chinamwali ndimatuma mwana wanga wamkazi kuti akawatungire madzi agogo ake. Amalandira, amamwa onse, amabweza kapu. Kusiyana kwake n'kwakuti mdzukulu amamuyang'ana kumaso, n'kumuuza kuti bambo akewa anasocheretsedwa ali mwana ndi chipewa cha matemba. Pa nkhani zina zonse bambo ndi ine timalankhulana mwachidule ngati kale: za feteleza, za denga lodontha, za mankhwala a BP. Koma ikakhala sabata ya Noma ndi Maule timatha theka la ola pafoni, ndipo mkati mwa chipongwemo ndi momwe ndimamvera ngati mwendo wawo ukupwetekabe, ngati akudya, ngati akusowa munthu wocheza naye.

Mwanayo tonse awiri tinkamuwerengera. Bambo ankamuimbira nyimbo za Nyerere ali kumsana kwa amayi ake, ine ndinamugulira kachipewa kofiira asanayambe kuyenda. Iye mpira amaukonda kuposa tonsefe, amasewera chikulunga ndi anyamata kuseri kwa nyumba mpaka mdima, ndipo ukamufunsa amati iye ndi Temwa Chawinga. Amadziwa kuti Temwa anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024 ali ku Kansas City Current, amadziwa kuti mkulu wake Tabitha anadutsa ku Inter ndi PSG asanapite ku Lyon, ndipo Scorchers, timu ya dziko ya amayi, itatenga chikho cha COSAFA mu 2023 pogonjetsa Zambia, iye ndi agogo ake aakazi, omwe aja a mabatire a mauthenga achisoni, ndi amene analulutira kwambiri pakhomo. Za Noma ndi Maule ankangoti aganiza kaye.

Akazi anga kwawo n'ku Lilongwe. Ali ndi mchimwene wawo amene amakhala ku Area 47, munthu wabwinobwino, waulemu, amene sindinamuganizirepo choipa. Mu 2024 Silver Strikers ya ku Lilongwe komweko inatenga ligi, mphunzitsi ali Peter Mponda, mwana wa Maule weniweni, zomwe zinandiwawa pazokha. Tchuthi cha Khirisimasi mwana anapita kukacheza kwa amalume akewo. Anabwerako pa basi atavala jezi ya buluu wowala ngati thambo la mwezi wa June, yaikulu, yofika m'mawondo.

Lamlungu lotsatira tinapita ku Chinamwali, iye atakana kuivula. Bambo anali pakhonde. Anamuitana, anagwira nsalu ya jeziyo ndi zala ziwiri ngati akuyesa chitenje pamsika, anawerenga baji, n'kufunsa kuti wakugulira ndani.

"Amalume."

Bambo anandiyang'ana. Anayamba kuseka pang'onopang'ono, mapewa okha, kenako thupi lonse, mpaka kunabwera kutsokomola kwenikweni, kwa chifuwa, mayi n'kutuluka kudzawamenya pamsana. Atapeza mpweya anapukuta misozi ndi chikhatho, n'kumukodola mdzukulu wawo.

"Thamanga kukhitchini, mama. Ukawatungire madzi bambo akowa."